Mwana Akufuna Kuphunzira Maganizo a Omenyera Ufulu, Koma Mabuku Palibe

Bambo wina wa ku Lizulu, yemwe amagulitsa kachewere pamsewu wa M1, wandilembera kuti mwana wake wamkazi walemba mayeso a Fomu 4 ndipo mtima wake uli pa maphunziro a ndale ku yunivesite ku Zomba. Akuti mwanayo akufuna kuyamba kuwerenga maganizo a anthu amene anamenyera ufulu wa dziko lino, koma ndalama za mabuku palibe. Bamboyo akuopanso kuti ndale ndi zoika moyo pachiswe.

Bambo, mantha anuwo ndikuwamva. Amene tinakula nthawi imene munthu ankayang'ana kaye kumbuyo asanatchule dzina la Chipembere sitiiwala msanga. Koma kuphunzira ndale ndi kuvala nsalu ya chipani n'zosiyana. Amene adutsa maphunziro amenewa amakhala aphunzitsi, atolankhani, ogwira ntchito m'makhonsolo ndi m'mabungwe. Sindikunamizani kuti ntchito zake zili mbwee, ayi. Amene amapezako mwayi ndi amene amatha kuwerenga chikalata n'kulemba zomveka, ndiye luso limenelo aliyambe pano.

Iwe mwanawe, yambira pakhomo. Inkosi Gomani yachiwiri, Philip Maseko, mfumu ya Angoni a kwanu komweko ku Ntcheu, inakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953, n'kuuza anthu ake kuti asamvere malamulo a atsamunda a malimidwe. Boma linaichotsa paufumu, ndipo inamwalira mu 1954. Funso loti ulilembe patsamba loyamba la kope lako ndi ili: n'chifukwa chiyani mfumu inaona kuti nkhani ya mizere ya m'munda ndi nkhani ya ufulu? Pita kwa agogo a m'mudzi mwanu, ukhale pamphasa, uwafunse zimene anamva kwa makolo awo. Lemba tsiku ndi mawu awo momwe awanenera. Kumeneko sikufuna bando.

Kenako funafuna mawu a eni akewo, osati za m'magulu a WhatsApp. Kalata imene John Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914 ndi yaifupi, ndipo imapezeka pa intaneti. Akufunsa chifukwa chimene munthu wakuda wosauka akafere nkhondo ya azungu, pamene pa mtendere zabwino zonse n'za azunguwo. Iwerenge katatu. Ukopere pamanja ndime imodzi, kenako uimasulire m'Chichewa kuti bambo ako amve. Ukalephera kumasulira, ndiye kuti sunaimvetse.

Amene ine ndimamukonda kwambiri ndi Dunduzu Chisiza. Anamwalira pa ngozi ya galimoto ku Thondwe mu Seputembala 1962, ufulu usanabwere, koma anali atachenjeza kale m'zolemba zake kuti maiko ongolandira ufulu angathe kugwa m'manja mwa wolamulira mmodzi wosafuna kutsutsidwa. Ika maganizo amenewo pambali pa nsanamira zinayi za Kamuzu, zija za umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Ukatero mkangano wa nduna wa mu Seputembala 1964, umene unachotsa m'boma Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Masauko Chipembere ndi anzawo patangopita miyezi iwiri chilandirireni ufulu, sudzakudabwitsa. Anthuwa anagwirizana pothamangitsa chitaganya, koma pa funso la momwe dziko liyendere pambuyo pake, aliyense anali ndi yake.

Zaulere zili kuti? Zokambirana za nyumba ya malamulo ya ku Britain, zotchedwa Hansard, zili pa intaneti popanda kulipira. Funafuna za pa 28 Julaye 1959, pamene aphungu ankakangana za lipoti la Devlin, woweruza milandu wa ku Britain, lija linanena kuti Nyasaland yasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi pambuyo pa 3 Malichi chaka chomwecho. Pa JSTOR, tsamba la pa intaneti losunga zolemba za akatswiri a maphunziro, ukatsegula akaunti yaulere umawerenga nkhani zingapo mwezi uliwonse, kuphatikizapo za mu Society of Malawi Journal. Pa tsamba la Internet Archive pali mabuku akale, ndipo malamulo aakulu a dziko lino ali pa tsamba la MalawiLII. Kopera mufoni zimene zikutheka bando ikadalipo, uziwerenga pambuyo pake.

Chenjera ndi chinthu chimodzi. Zambiri mwa zikalatazi analemba ndi azungu a boma, amene kwa iwo Gomani anali wosokoneza. Pa chikalata chilichonse lemba pamwamba kuti walemba ndani, chaka chanji, ndipo ankafuna kuti amve ndani.

Bambo, inu gawo lanu n'lochepa: kope limodzi lachikuto cholimba, bando ya pa sabata kachewere akayenda bwino, ndi khutu lanu madzulo pamene mwanayu akukumasulirani kalata ya Chilembwe. Mukamva penapake posamveka, mum'bweze akawerengenso.