Foni yokakamira pa chizindikiro cha LineageOS

Achimwene, mwati mwaika LineageOS, pulogalamu yoyendetsa foni yolowa m'malo mwa Android imene foni inabwera nayo, ndipo foniyo yangokakamira pa chizindikiro chake osamaliza kuyaka. Foniyo sinafe ayi. Ikamangozungulira pa chizindikiro cha LineageOS chonchi, lowani mu recovery (menyu yapadera yokonzera foni ikakana kuyaka bwino), sankhani Format data, kenako ikaninso ROM ija (fayilo ya LineageOS imene munaika). Dziwani kuti zithunzi ndi zonse zili m'katimo zifufutika.

Musanatero, onetsetsani kuti codename ya foni yanu (dzina lapadera losonyeza mtundu weniweni wa foniyo) ikugwirizana ndi fayilo ya ROM. Ine ndinatsitsapo fayilo ya foni yofanana dzina koma purosesa ina, ndipo ndinachezera usiku wonse batire likutentha m'manja. Chinanso, ngati mukufuna GApps (mapulogalamu a Google monga Play Store), ziikeni nthawi yomweyo mukangoika ROM musanayatse foni koyamba, chifukwa mukaziika pambuyo mavuto ake ndi omwewa. Kuyaka koyambako kumachedwa, ipatseni mphindi 15 musanataye mtima.

Koma ikakana kulowa ngakhale mu fastboot (njira yoikira mafayilo m'foni kuchokera pa kompyuta), kapena IMEI (nambala yapadera yozindikiritsa foni pa netiweki) ikasowa, musaikakamizenso. Pitani nayo kwa katswiri wokonza mafoni.