Kabokosi ka madzi ako musagule, payipi ituluke panja

Achemwali, mwafunsa ngati mungagule kabokosi ka madzi kolowetsamo payipi ya dryer, makina oumitsira zovala aja, m'malo moitulutsa panja. Kabokosiko kasiyeni m'sitolo momwemo. Dryer yanuyo ndi ya payipi, ndipo payipiyo iyenera kutulukira panja basi, kaya khoma la flat yanu lili ndi bowo kaya lilibe. Madzi onse otsalira m'zovala zonyowa, malita angapo pa kuchapa kumodzi, amatuluka ngati nthunzi yotentha. Kabokosiko kamangogwira ubweya wa zovala pang'ono, nthunzi imadutsa n'kukakhala pa makoma. Ndi kuzizira kwa kuno ku UK, mawindo ali chitsekere, chuku chakuda sichichedwa.

Ndikulemba uku mtima ukuwawa. Nyumba ya lendi imene tinkakhala ku Manchester inali ndi kachipinda kochapira m'mwamba, kogundana ndi chipinda cha ana. Bowo panalibe. Ndinauza ajenti oyang'anira nyumbayo, iwo anatumiza bambo wina ndi makwerero ake. Anaboola siling'i, analowetsa payipi yoyera ya pulasitiki ija yokhala ndi makwinya, anatsika akupukuta m'manja, amvekere zatheka mayi, ikutulukira padenga. Chonsecho payipi anangoiponya mu loft, mpata wa pakati pa siling'i ndi denga, pamwamba penipeni pa bedi la mwana wanga.

Kuzizira kutayamba, siling'i inayamba madontho akuda. Ndikapukuta ndi bleach, sabata isanathe abwerera. Mwana wamng'onoyo kutsokomola usiku wonse mpaka GP, dokotala wathu, anatilembera inhaler, mankhwala opopera m'kamwa othandiza kupuma. Ndikaimbira ajenti yankho linali lomwelo: mukuphika kwambiri, simutsegula mawindo, mukuyanika zovala m'nyumba. Ndiyanike m'nyumba bwanji dryer ilipo?

Tsiku loipalo ndinali nditangofika kuchokera ku night shift ku care home. Ndikuvula nsapato pakhomo ndinangomva phiii m'mwamba, kenako mwana kukuwa. Masitepe ndinakwera nsapato imodzi ili kuphazi. Chigawo chachikulu cha siling'i chinali chitagwera pabedi, mabolodi ake a plasterboard atafewa ndi madzi, insulation yosunga kutentha m'nyumba ija ili yakuda itanyowa, fungo la chuku lotseka pakhosi. Pilo wake anali pansi pa zonsezo, kabulangete kake kabuluu kakungooneka nsonga. Iye anali ataima pakhomo la bafa, mswachi uli m'manja, thovu lili pakamwa, akunjenjemera thupi lonse. Bambo ake anali atangomudzutsa kumene kuti akonzekere kusukulu. Nditakweza maso ndinaona payipi ija ikulendewera pabowo, ikudonthezera madzi akuda pa yunifolomu yake imene ndinasita dzulo lake. Ndinangokhala pansi pa kapeti yonyowayo n'kumukumbatira, mawu osatuluka.

Munthu wa ku khonsolo woona za ukhondo ndi chitetezo cha nyumba, wa environmental health, atakwera mu loft anandiitana kuti ndikaone ndekha. Ubweya wa zovala unali utaunjikana ngati thonje lokolola kumene, utakuta mawaya a magetsi a chipindacho, matabwa a denga ali bii. Anati chagwetsa siling'i ndi madzi, koma moto ukanatha kuyamba madziwo asanagwetse kanthu. Ubweya umenewu umayaka msanga kwabasi. Akale kuno mukukumbukira moto wa ku Shepherd's Bush mu Ogasiti 2016, nyumba ya nsanjika 18, unayambira pa dryer ya Indesit. Mu 2019 kampani ya Whirlpool inaitanitsa kuti abwezedwe ma dryer a Hotpoint, Indesit, Creda, Swan ndi Proline opangidwa pakati pa 2004 ndi 2015, chifukwa ubweya unkafika pa chotenthetsera n'kuyaka. Ngati yanuyo munagula kwa munthu pa Facebook, onani lero lomwe ngati nambala ya model yake ili m'gulu la amenewa.

Ndiye ajenti aja! Pepani sanatuluke pakamwa pawo. Anabwera nsapato zili gwa, analowa osavula, anajambula zithunzi, kenako kalata yoti tawononga nyumba ndipo adula dipoziti. Landilodi sanaimbe n'komwe kufunsa ngati mwana ali bwino. Bambo woboola uja foni yake inasiya kuyankhidwa. Anthu awa akaona ndiwe mlendo, umagwira ntchito usiku, amaganiza kuti ungokhala chete poopa kusowa pokhala. Awaab Ishak wa ku Rochdale anamwalira mu 2020 ali ndi zaka 2 chifukwa cha chuku cha m'nyumba, ndipo makolo ake nawonso ankawanena kuti vuto ndi kakhalidwe kawo. Nditamva nkhani imeneyo ndinalira. Dipoziti yathu inabwera titakadandaula ku deposit scheme, bungwe loteteza madipoziti a lendi, ndi zithunzi komanso lipoti la khonsolo, koma inhaler ili m'chikwama cha mwana mpaka lero.

Tsono mverani. Payipi idutse pakhoma molunjika, bowo la mamilimita 100, kunja kukhale chivindikiro chokhala ndi kachitseko kotseka chokha kuti mphepo, mbalame ndi mbewa zisalowe. Ikhale yachitsulo, yosalala mkati, yaifupi, yopinda malo ochepa. Ya pulasitiki yamakwinya ija imasunga ubweya m'makwinyamo, ikafinyika kuseri kwa makina mpweya umatsekeka, dryer imayamba kutentha mopitirira. Kutulutsira mu loft ayi, pansi pa floor ayi, mu chumuni ayi, mu galaja yotseka ayi. Bowolo litalikirane ndi potulukira utsi wa boila. Ngati dryer ndi ya gasi ndiye musayerekeze n'komwe kutulutsira m'nyumba, mpweya wa poizoni wa carbon monoxide ulibe fungo, umapha anthu ali mtulo.

Koma musaboole nokha khoma la eni ake, dipoziti ingapite yonse. Pemphani landilodi pa imelo, akuyankheni pa imelo, atumize munthu wake yemweyo kuti zikavuta udindo ukhale wawo. Inu muime pomwepo, akamaliza muyatse dryer, mutuluke panja, muike dzanja pa chivindikirocho mumve mpweya wofunda ukutuluka. Mujambule kavidiyo. Akakana, tulutsani payipi pawindo, pali timabolodi toika pawindo tokhala ndi bowo la payipi. Kukhitchini kuzizira pang'ono, koma makoma akhala ouma.

Ndalama zikapezeka gulitsani imeneyo mugule ya condenser kapena ya heat pump. Izi sizifuna bowo, madzi amagwera mu thanki imene mumakhuthula mu sinki. Ya heat pump imadula pogula ndipo imachedwerapo kuumitsa, koma magetsi imadya ochepa, ndipo siikonda malo ozizira kwambiri ngati shedi ya panja. Ine panopa ndili ndi ya condenser ndipo windo ndimatsegulabe pang'ono. Ubweya wa pa sefa muziuchotsa nthawi iliyonse mukaumitsa, ndipo dryer musamaisiye ikuyenda mukamakagona kapena mukamapita ku shift, ozimitsa moto a London Fire Brigade amanena zimenezi mobwerezabwereza. Ngati chuku chayamba kale pakhoma, jambulani lero, tsiku lizioneka, mutumize kwa ajenti pa imelo osati pafoni.