Kodi Constantine ndiye anayambitsa Chikhristu ndi kupemphera Lamulungu?

Mayi wina wanditumizira imelo kufunsa ngati n'zoona zimene anamva, zakuti mfumu Constantine ya ku Roma ndiyo inayambitsa Chikhristu n'kusuntha Sabata kulipititsa Lamulungu.

Mayi, zikomo pofunsa. Constantine sanayambitse mpingo ayi. Anaupeza uli kale ndi mabishopu ku Roma, Alexandria, Carthage ndi Antioch, utakula moti mu 303 mfumu Diocletian inalamula kuti matchalitchi agwetsedwe ndipo Malemba atenthedwe. Kupemphera Lamulungu nakonso n'kwakale. Cha m'ma 150 Justin Martyr, mlembi wachikhristu, analemba kuti Akhristu ankasonkhana pa tsiku la Dzuwa, kumva Mawu, kupemphera ndi kunyema mkate. Lamulo la Constantine la mu 321 linangoti oweruza milandu, amisiri ndi anthu a m'mizinda apume tsikulo. Alimi analoledwa kupita kumunda.

Kutembenuka mtima kwa Constantine kunadza ndi nkhondo. Mu 312 anagonjetsa Maxentius pa mlatho wa Milvian, mdaniyo n'kumira mumtsinje wa Tiber. Mwa alembi achikhristu a nthawiyo, Lactantius amati nkhondoyo isanachitike Constantine analota, Eusebius amati anaona mtanda kumwamba dzuwa likuswa mtengo. Chaka chotsatira, ku Milan, Constantine ndi mfumu inzake Licinius anagwirizana kuti aliyense apembedze mwaufulu ndipo mipingo ibwezeredwe katundu amene inalandidwa.

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ine pamandigwira mtima. Anthu amene dzulodzulo ankaponyedwa m'ndende anayamba kumangiridwa matchalitchi ndi ndalama za boma. Ndani sakanathokoza? Koma mfumu yomweyo inayambanso kulowerera za mumpingo. Mu 325 ndiyo inaitana mabishopu ku Nicaea kuti athetse mkangano wa Arius, yemwe ankaphunzitsa kuti Mwana wa Mulungu analengedwa. Mabishopu atagamula, amene anapirikitsa Arius si mpingo koma boma. Ku Carthage nako, mfumu inalamula kuti otsatira Donatus, mtsogoleri wa gulu lina la Akhristu kumeneko, alandidwe matchalitchi, Akhristu anzawo akuonerera.

Mtima wake sindingaugamule. Mu 326 anaphetsa mwana wake Crispus, ndipo anabatizidwa ali gone, atatsala pang'ono kumwalira mu 337. Akachisi ambiri a milungu yakale anawasiya otsegula. Amene analamula kuti anthu onse a mu ufumuwo atsate chikhulupiriro cha ku Nicaea ndi Theodosius, mu 380, Constantine atamwalira kalekale.