Akangaude akuluakulu pabwalo: woopsa ndi uti?

Mayi wina wa ku Bembeke watilembera imelo. Akuti chiyambireni mvula pakhomo pawo pachuluka akangaude akuluakulu. Wina watchera ukonde wachikasu pakati pa mitengo iwiri ya mapichesi, wina wotambalala ngati chikhatho amaoneka pakhoma la khitchini usiku, ndipo wina waubweya anatuluka kuuna pafupi ndi nkhokwe. Akufunsa ngati ana awo ali pangozi.

Mayi, kukula kwa kangaude kusakunamizeni. Chimene chimamuulula msanga ndi malo amene wakhala.

Wa m'mapichesiyo akatswiri amamutcha Trichonephila. Wamkulu amene mukumuona pakati pa ukonde, mutu atalozetsa pansi, ndi wamkazi. Ukonde wake umatha kufika mita imodzi ndipo dzuwa likawomba umawala ngati golide. Tiakangaude timene timakhala m'mphepete si ana ake ayi, tina ndi amuna ake. Ameneyu salowa m'nyumba, ntchito yake n'kudya ntchentche ndi ziwala. Ngati watseka njira yakubafa, dulani ndi ndodo ulusi umene wamangirira kunthambi, asamuka yekha.

Wapakhomayo ndiye amaopsa anthu kwambiri chifukwa cha liwiro. Ngati ndi wotuwa, miyendo yotambasukira m'mbali mpaka pafupifupi masentimita 10, kunsi kwa miyendo kuli mizere yakuda ndi yoyera, ameneyo ndi Palystes. Satchera ukonde, amasaka mphemvu ndi nkhululu usiku, ndipo amakonda kulowa m'nyumba mvula ikayandikira. Akaluma zimawawa ngati njuchi, basi. Nthawi imene amalusa ndi pamene wamkazi akulondera mazira. Mukaona mpira wa masamba ouma okulungidwa ndi ulusi woyera ukulendewera mumpanda, waukulu ngati lalanje laling'ono, auzeni ana asaugwire, mwini wake ali pafupi. Koma wapakhomayo akakhala wophwatalala ngati wamatidwa kukhoma, wamawangamawanga, wothawira kuseri kwa kalendala, ndi Selenops, alibe vuto.

Waubweyayo ndi wa m'gulu la matarantula. Una wake umakhala wozungulira bwino, masentimita 2 kapena 3 pakamwa, ndipo mkati ndi woyalidwa ulusi woyera. Ulusiwo ndiwo umausiyanitsa ndi una wa nkhululu kapena wa mbewa. Wamkazi amakhala muuna womwewo zaka zambiri. Amene mumakumana naye akuyendayenda nthawi ya mvula kawirikawiri ndi wamwamuna wofuna mkazi. Mukamuputa amatukula miyendo yakutsogolo n'kuonetsa mano, ndipo kuluma kwake n'kowawa ndithu, malo amatupa. Ana amalumidwa chifukwa chotokosa una ndi kaudzu kapena kupisamo chala. Kuthiramo madzi nakonso n'kulakwa, kumangomutulutsira pomwe ana akusewera.

Tisaiwale chichotsamfumu, chija chimathamangira pomwe pali nyale kapena moto anthu n'kubalalika. Chimaoneka ngati chili ndi miyendo 10. Si kangaude weniweni, sichitulutsa ulusi ndipo chilibe ululu, ngakhale chimatha kutsina ndi zibwano zake.

Woopsa amene tikanakonda mumusakesake lero lomwe, mayi, simunamutchule n'komwe, chifukwa ndi wamng'ono. Dzina lake ndi Latrodectus geometricus. Mimba yake ndi yobulungira ngati nsawawa, yotuwa kapena yoderapo, ndipo kunsi kwake kuli chizindikiro chofiirira chopanikizika pakati. Ukonde wake ndi wosokonekera, wopanda dongosolo, ndipo amautchera kunsi kwa mipando, m'milomo ya ndowa ndi migolo, pansi pa mawindo ndi m'makona a chimbudzi. Njira yachidule yomudziwira ndi mazira ake: timipira totuwa tokhala ndi timinga ponseponse. Ululu wake umagwira mitsempha. Tembenuzani mipando ndi ndowa kamodzi pamlungu, sesani ukondewo ndi tsache lalitali, timipirato muphwanye ndi nsapato. Kupopera mankhwala kokha sikukwanira, chifukwa mazira otetezedwa ndi ulusi amadzaswabe.

Kangaude wamkulu akalowa m'nyumba, muvundikireni ndi kapu kapena chitini, lowetsani katoni pansi, mukamutaye kumpanda. Nsapato ndi majombo muzikutumula musanavale, ndipo potola nkhuni kapena njerwa zounjika muziyamba mwazigubuduza ndi ndodo.

Munthu akalumidwa, tsukani pamalopo ndi sopo, ikanipo nsalu yonyowa ndi madzi ozizira, amwe panado. Osatema mphini, osayamwa, osamanga chingwe. Akayamba kutuluka thukuta kwambiri, kukokana m'mimba kapena m'miyendo, kubanika, kapena bala likamada n'kumakula pakapita masiku, thamangirani kuchipatala. Akakhala mwana wamng'ono musadikire zizindikirozo. Ngati n'kotheka jambulani kangaudeyo pafoni, mutaika bokosi la machesi pambali pake kuti adokotala aone kukula kwake.