Gombe la munthu woopa madzi

Lachiwiri usiku ndalandira imelo ya mayi wina wa ku Lilongwe, akuti iye ndi amuna ake akhala akusunga ndalama zaka ziwiri kuti akaone Zanzibar, ndiye akufunsa gombe labwino losambirako ndi kuona nsomba pansi pa madzi. Kumapeto anawonjezera kamzere kamodzi: "vuto ndi loti kusambira sinditha, madzi ndimaopa."

Achemwali, kamzere kameneko kandisowetsa tulo chifukwa munthu ameneyo ndinali ine.

Ine ndinakulira ku Dedza kumapiri, madzi amene ndinkawadziwa ndi a m'ndowa basi. Ndili sitandade 4 msuweni wanga anamira padamu la kumudzi kwathu akusewera ndi anzake, ndipo chichokereni tsiku limenelo mayi anga anatiletseratu, ngakhale kukachapa kumtsinje ankaima kumbuyo kwathu maso ali tong'o. Sindiwaimba mlandu ayi, anaika m'manda mwana wa mchimwene wawo. Koma mantha awowo ndinawasenza pamutu mpaka ndili ndi zaka 31.

Chinandipititsa ku Likoma ndi ukwati wa mnzanga wa kusukulu. Tinakwera Ilala pa Nkhata Bay usiku, ndipo nthawi imeneyo potsika munthu umalowa kaye m'boti laling'ono, matumba a ufa, makatoni, ana akupatsirana m'mwamba, ine ndagwira thabwa la boti zala mpaka kuuma, ndikupemphera chamumtima kuti Ambuye mundifikitse kumtunda sindidzabwerezanso. Likoma ndi chilumba chathu koma chazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, mapiri a kutsidyako umawaona pafupi ngati ungawakhudze, malambe ali ponseponse, ndipo tchalitchi cha St Peter's chija chimene a Anglican anayamba kumanga mu 1903 ukachiona umadabwa kuti chinthu chachikulu chonchi chinapezeka bwanji pakachilumba. Zonsezo ndinaona. Koma masiku atatu ndinangokhala pamchenga chitenje chili m'chiuno, anzanga ali m'madzi.

Tsiku lachinayi mayi wina amene ankatsuka mapoto m'mphepete anandifunsa kuti, "Mwanawe, ulendo wonsewu wadzera kudzaonerera madzi?" Ndinawauza za msuweni wanga. Sanandiseke. Anaitana mnyamata wawo amene ankaperekeza alendo, anabwera ndi magalasi a m'madzi ndi kapaipi kopumira kaja amati snorkel, ananditengera pamiyala pomwe madzi amalekeza m'chiuno, akuti gwadani, gwirani mwalawu, pumani ndi pakamwa pokha, tsono viikani nkhope.

Mbuna, achemwali, tinsomba ta m'miyala tija. Zabuluu, zachikasu, zina za mizeremizere ngati mbidzi, zikudya ndere pamwala umene ndinagwirawo, ena mwa mano awo ukuchita kumva kuti kwe kwe kwe. Ndiye panali ina yomwe tiana take timayandama pafupi, dzanja langa litasuntha inangoyasamula pakamwa tiana tonse lowu m'kamwa mwa mayi wawo. Ndinatulutsa mutu ndikulira, magalasi achita nthunzi. Maondo anga anali pansi nthawi yonseyo, sindinasambire ngakhale mita imodzi.

Ndipo apa ndi pamene mtima umandipweteka. Lake Malawi National Park, paki yoteteza zachilengedwe ya ku Cape Maclear, anaikhazikitsa mu 1980, bungwe la UNESCO linailemba pa malo a chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984, makamaka chifukwa cha tinsomba timeneti tomwe tambiri sitipezeka kwina kulikonse. Anthu amakwera ndege tsiku lathunthu kudzationa ku Cape Maclear, ku zilumba za Thumbi ndi Mumbo. Ife eni ake timapita ku Senga Bay kukawotcha nyama, kujambulitsa madzi ali m'mapazi, kubwerera. Kenako ikafika Khirisimasi timamva pawailesi kuti wina wamira, nthawi zambiri atamwa, kapena analowa pakuya pofuna kuonetsa anzake. Kuletsa mwana madzi sikumuteteza, ndikunena ine amene ndinaletsedwa. Mwana aphunzitsidwe kuyandama monga timamuphunzitsira kuwoloka msewu. Ndipo manyazi ovala laifi jaketi tisiye, makamaka azibambo inu, ndaonapo bambo akukana jaketi m'boti chonsecho mkazi wake akudziwa bwino lomwe kuti kusambira satha.

Wina anena za likodzo, ndikudziwa. Lilipodi, makamaka m'madzi odikha okhala ndi bango ndi udzu, pafupi ndi midzi, momwe mumakhala tinkhono tija. Ine ndikabwerako kunyanja ndimadikira miyezi iwiri kenako kukayezetsa, mankhwala ake ndi praziquantel ndipo amapezeka. Chimene muyenera kuopa kwambiri ndi mwera, miyezi yozizira ija ya Juni ndi Julayi nyanja imalusa, Seputembala mpaka Novembala ndiye imakhala bata ndipo madzi amayera mbee.

Tsono za Zanzibar

Pitani kumpoto, Kendwa kapena Nungwi. Nyanja ya mchere imaphwera ndi kudzaza kawiri patsiku, ndiye kum'mawa monga Paje ndi Jambiani madzi akaphwera amathawira kutali zedi, mumayenda ulendo kuwafuna ndipo azimayi amakhala akukolola ndere zawo pamenepo, kokongola koma si koti muphunzirireko. Ku Kendwa madzi sachoka kwenikweni, mchenga wofewa, mutha kulowa nthawi iliyonse. Madzi amchere amanyamulanso thupi kuposa a kwathu, mudzamva kupepuka. Gulani tinsapato ta labala chifukwa pamiyala pamakhala tizilombo takuda taminga zitalizitali, mukaponda ulendo wawonongeka. Epulo ndi Meyi ndi mvula yambiri, pewani.

Adzakunyengererani za kachilumba ka Mnemba, kuja kuli makorali (zamoyo za pansi pa nyanja zooneka ngati miyala) ndi nsomba zamitundumitundu. Ndi zoona, koma kumeneko munthu amatsika m'boti pakuya pomwe phazi silifika pansi, nthawi zina madzi amakoka. Musavomere opanda jaketi, ndipo funsani musanalipire ngati pali munthu wolowa nanu m'madzi atagwira chubu choti mugwirire. Makorali osaponda, osathyola, ndi amoyo.

Koma chonde musanakwere basi ya ku Songwe kapena ndege, patulani wikendi imodzi mupite ku Cape Maclear. Bwerekani magalasi, uzani mwini boti kuti simutha kusambira, akupezereni pamiyala posaya, amuna anu aime pambali panu. Mugwade ngati mmene ndinagwadira ine. Mukatulutsa mutu mundilembere, ndikufuna ndidziwe kuti nsomba yoyamba inali ya mtundu wanji.