Achemwali, injini imene simunaione mkati musalipire

Achemwali, ndalamayo musatumize kaye. Nditafika pamene mwalemba m'gulu muno kuti mukufuna kugulira mwana wanu Ministox, kagalimoto kampikisano ka ana kuno ku UK, ndipo wogulitsayo akuti "injini yake njopambana kale", mtima wanga unagunda, chifukwa mawu omwewo ndi amene anandiuza ine.

Mwana wanga anayamba ali ndi zaka 12. Ifenso zinayambira kubwalo la mpikisano la ku King's Lynn, mnzake wa kusukulu atamutenga Loweruka lina madzulo. Anabwerako malaya ali psuu ndi fumbi la pabwalo, tulo osabwera, akungolongolola za manambala a magalimoto ndi mitundu ya madenga. Ine umakaniko ndinaphunzirira ku Ndirande, ndiye ndinati ka Mini ka 1000cc sikangandigonjetse. Tinagula kagalimoto kakale pamodzi ndi thelela yake, ine n'kuwonjezera mashifiti a usiku kuno ku Peterborough.

Mudziwiretu kuti kumeneku mtundu wa denga ndiye giredi ya mwana: woyamba kumene loyera, kenako lachikasu, labuluu, lofiira. Oyera amayambira kutsogolo, akatswiri kumbuyo, ndipo kukankhana ndi bampala n'kololedwa. Ndiye taganizani mwana wanu ali kutsogolo, khamu lonse likumubwerera kumsana ndi zitsulo. Chaka choyamba wanga ankangozunguzidwa pakona, ine Lamlungu lililonse n'kumawongola zitsulo ndi kuwotcherera. Koma sanalirepo. Pakutha kwa chakacho anali ndi denga lachikasu.

Chaka chachiwiri injini inatopa, inayamba kudya oyilo ndi kufuka utsi. M'pamene anatulukira bambo wina wogulitsa injini, pa Facebook. Anati mwana wake wakula, wasiya Ministox, injini yangokhala m'galaja. Ndinapita, anandilandira bwino, tiyi anandipatsa, anailiza ine ndikumva, ikulira bwino ngati yatsopano. Ndinamufunsa m'maso muli gwa kuti kodi ili motsatira malamulo? Anandigwira paphewa n'kunena kuti ndisadandaule. Ndinamupatsa £1,400 pamanja, popanda lisiti. Ndalama imeneyo inali ya chipereganyu, ena mwa inu m'gulu muno munasonkha nawo, ndipo inali yoti igule malata a nyumba ya amayi anga ku Thyolo. Amayi ndinawauza kuti adikire mvula ina ipite.

Tsiku lake silichoka m'mutu mwanga. Bwalolo sinditchula chifukwa eni ake sanalakwe kanthu. Mwana anayenda bwino pa mipikisano yoyambirira, ndiye pa fainolo anatsogola kuyambira pachiyambi. Aja a madenga ofiira anamupeza kutatsala kuzungulira kawiri, wina anamugunda pakona yomaliza, galimoto inapendekeka koma anaigwira, n'kudutsa mbendera ali woyamba. Amayi ake analira mokweza, mpaka anthu oyandikana nawo anawakumbatira. Ine ndinatumiza vidiyo ku gulu la abale pa WhatsApp, pamene kumudzi anthu atagona kale. Chikho anampatsa, chithunzi anajambula.

Kenako oyendera magalimoto anati atatu oyambirira asapite, injini zitsegulidwe. Ine sindinaope, ndinalibe chobisa. Ndinatenga masipanala anga, injini ikadali yotentha, ndinamasula ndekha silinda hedi, wina akundiunikira ndi tochi. Anthu anayamba kuzungulira. Mkulu woyeza uja anaiyang'ana, anaiyeza, anaitana mnzake, anayezanso. Nditaisuzumira ndekha ndinadziwa asanalankhule: mabowo olowera mpweya anali atapalidwa ndi kukulitsidwa kuposa mmene malamulo amalolera, ntchito yaukhondo ya munthu wodziwa chimene akuchita. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ine makaniko wa zaka zonsezi ndinamanga injini m'galimoto ya mwana wanga osaitsegula.

Mwana anali ataima pambali, ovololo yake ili m'thupi, chikho atachikumbatira pachifuwa. Anandifunsa m'Chingerezi chake chija kuti, "Adadi, talakwa chiyani?" Pakamwa panga panauma. Kumbuyo kwathu kholo lina linanena mokweza kuti n'chifukwa chake amathamanga chonchija, ndi akuba. Usiku umenewo banja lachikuda tinalipo ife tokha, ndiye maso onse aja ndinawamva pakhungu. Mwana sanadikire kuuzidwa, anayenda yekha n'kukabweza chikho. Ulendo wonse wobwerera palibe anayankhula, kumangomveka thelela kumbuyo. Titafika sanatsike m'galimoto, anakhala momwemo mumdima mpaka amayi ake anakamutenga.

Anamulanda chipambano, anamuimitsanso kupikisana kwa miyezi ingapo. Ndipo oyezawo anachita zoyenera, lamulo silifunsa kuti injini unagula kwa ndani. Koma bambo uja! Ndinamuimbira m'mawa mwake, anayankha kamodzi n'kunena kuti iye anagulitsa injini mmene inalili. Pofika masana anali atanditsekera nambala, pa Facebook chimodzimodzi. Munthu wamkulu, waimvi zake, wobereka, amene anaimapo pampanda kuonera mwana wake akuthamanga, akudziwa bwino chimene mwana amamva. Ankadziwa kuti tsiku limene mwana wanga adzapambane ndi tsiku limene adzagwidwe. Anandiona ndine mlendo, wosadziwa anthu, wofunitsitsa, n'kunditayira katundu amene anzake omudziwa sakanagula. Ndalamayo ndinaiwala kale, malata ndinagula chaka chinacho. Chimene sindingamukhululukire n'choti kusukulu anzake anaona nkhaniyo pa intaneti n'kumamutcha wakuba, mwana amene analibe ngakhale mphamvu zomasulira bawuti imodzi ya injiniyo.

Ndipo miyezi imeneyo sibwerera, achemwali. Ministox ndi ya ana a zaka 11 mpaka 15, akangokwanitsa 16 watuluka. Wanga anabwereranso, mkulu wina wa pabwalo atatithandiza kumanga injini yabwinobwino osatilipiritsa ntchito yake, ndipo anatsiriza ali ndi denga labuluu. Kuchoka apo ndi mpikisano wa akuluakulu wa BriSCA F2, wa injini za Ford za malita awiri, ndipo ndalama zake ife zinatikanika. Pano akuphunzira umakaniko kukoleji, Loweruka amakathandiza dalaivala wina wa F2 kusintha matayala, ndipo kangapo abwerekedwapo galimoto.

Musamuuze mwana kuti muno muli ndalama. Iyi si NASCAR, mpikisano wa ku America wa pa TV uja. Mphoto yake nthawi zambiri sikwana ndi mafuta opitira kubwalo la ku Skegness n'kubwerako, ndipo ngakhale madalaivala ambiri a BriSCA F1, gulu la pamwamba pa F2, Lolemba amadzukira ku ntchito zawo. Inde, Rob Speak anayambira mu Ministox momwemu n'kudzakhala katswiri wa dziko lonse wa F2 kasanu ndi katatu. Koma taonani banja la a Wainman: agogo, bambo, mdzukulu, onse ali m'mpikisano, mwana amabadwa masipanala ali pakhomo. Inu ndi ine tikuyambira pabwalo la nyumba ya lendi.

Nditati ndibwerere m'mbuyo, mwina sindikanayamba n'komwe. Komabe muleni mwanayo ayambe, akakula adzakufunsani chifukwa chake munamukaniza. Kungoti musakhulupirire munthu aliyense wa kumeneko, ngakhale akumwetseni tiyi. Pitani kaye kangapo konse musanagule kanthu, mulowe kumene amakonzerako magalimoto, mucheze ndi makolo, mufunse za wogulitsayo, chifukwa anthu amenewa amadziwana onse ndipo ndi omwewo adzakubwerekeni tayala usiku wina zitavuta. Pezani buku la malamulo la chaka chino muliwerenge nonse ndi mwana. Injini itsegulidwe inu muli pomwepo, iyezedwe ndi munthu amene amamanga injini za Ministox, ndipo wogulitsa alembe n'kusaina. Akakana, nyamukani. Helimeti, ovololo yosagwira moto ndi chotchinjiriza khosi, zimenezo zokha gulani zatsopano, ngakhale galimoto ikhale yakale bwanji.

Mundilembere ku inbox mundiuze kumene galimotoyo ili. Ngati sikutali, Lamlungu likubwerali sindikugwira ntchito, ndibwera ndi mnyamata wanga ndi masipanala, tikaitsegule musanapereke ndi paundi imodzi yomwe.