Injini ikulira koma galimoto siikuthamanga: nkhani ya kilatchi

Wowerenga wina wanditumizira imelo yofunsa kuti: "Galimoto yanga ndi ya magiya a pamanja. Ndikafika pachitunda n'kuponda moto, injini imangolira kwambiri koma liwiro silikwera, kenako pamamveka fungo la chinthu chopserera. Amakaniko akuti ndi kilatchi. Kodi imagwira ntchito bwanji, ndipo yatha chifukwa chiyani?"

Achimwene, amakanikowo sananame. Injini ikangolizidwa siipuma. Ngakhale galimoto itaima, imazungulirabe maulendo pafupifupi 700 mpaka 900 pa mphindi, pomwe matayala amafunika kuima nthawi zina. Kilatchi ndi imene imalumikiza kapena kulekanitsa injini ndi giyabokosi.

Kumbuyo kwa injini kuli chitsulo cholemera chozungulira chotchedwa flywheel. Pachitsulochi amamangapo ndi mabawuti chitsulo china chopanikizira chotchedwa pressure plate, ndipo pakati pa ziwirizi pamakhala clutch plate, mbale yopyapyala yokhakhala mbali zonse. Pakati pa mbaleyi pali bowo la mano lomwe limalowa pa shafti yopita ku giyabokosi. Phazi likachoka pa pedulo ya kilatchi, sipuling'i yamphamvu ya mu pressure plate imapanikiza mbale ija ku flywheel, zonse n'kumazungulira limodzi. Mukaponda, mafuta ochokera mu kapampu kolumikizidwa ku pedulo kotchedwa master cylinder, omwe nthawi zambiri ndi a mtundu wa mabuleki, amakankha kasilinda ka ku giyabokosi kotchedwa slave cylinder, iko n'kukankha kachitsulo kamphanda kotchedwa foloko, foloko n'kukankha release bearing (bering'i yodina sipuling'i ija), sipuling'i n'kufooka, mbale n'kumasuka. Galimoto zina zimagwiritsa ntchito waya m'malo mwa mafuta, koma ntchito yake ndi yomweyo.

Tsono mbale ikagwira kwathunthu siidyeka, ikamasuka kwathunthu siidyekanso. Imadyeka ikagwira pang'ono chabe, chifukwa apo imakhulana ndi flywheel n'kutentha. Ponyamuka kukhulana kumeneku n'kofunika, apo ayi injini ingazime, koma kuzikhala kwa kanthawi kochepa. Madalaivala ambiri amasiya phazi pa pedulo poyenda, ati akhale okonzeka. Ena poima pachitunda amagwiriza galimoto ndi kilatchi m'malo mokoka handibuleki, ndipo pamzere wa magalimoto m'tauni ambiri amaziona ngati luso. Kwa ine kumeneko n'kuwotcha ndalama. Kunyamuka ndi giya 2 mutasenza katundu nakonso kumaidya msanga.

Mbale ya kilatchi yanuyo yapyapyala, moti sipuling'i siikuthanso kuipanikiza mokwanira, n'chifukwa chake ikuterereka pamene pakufunika mphamvu zambiri. Mukaichedwetsa, misomali yogwira zokhakhala zija iyamba kukanda flywheel, mtengo n'kukwera. Poti giyabokosi iyenera kutsitsidwa ndithu kuti mbaleyi isinthidwe, sinthani mbale, pressure plate ndi release bearing nthawi imodzi. Muwauzenso amakaniko aone ngati oyilo wa injini sakudontha kumbuyoko, chifukwa akanyowetsa mbale, ngakhale yatsopano imaterereka.